Mbiri ya Magetsi Athu: Mmene Madzi a Zambezi ndi Kafue Amayatsira Nyali mu Lusaka

Aliyense amene anali mu Lusaka m'caka ca 2024 akukumbukira mdima wa caka cimeneco. Ku Kabulonga, ku Woodlands, ku Kabwata ndi ku Chelstone komwe, magetsi anali kuzima kwa maola ambiri, ndipo pofika mwezi wa Seputembala nyumba zambiri zinali kutha maola 21 pa tsiku zopanda magetsi. Ometa tsitsi, eni zigayo, opanga zitseko zacitsulo ndi ogulitsa nyama anasowa pogwira. Ana a sukulu okonzekera mayeso anawerengera pa kandulo. Cifukwa cimene a ZESCO anapereka cinali cakuti madzi acepa ku Kariba.

Tsono funso nali. Kariba ili ku Siavonga, mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kucokera mu Lusaka. Kodi madzi a kumeneko agwirizana bwanji ndi nyali ya m'cipinda canu? Tonse tidziwa kuti madzi amazimitsa moto. Nanga amayatsa bwanji nyali? Kuti tiyankhe bwino, tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka pafupifupi 200.

Mnyamata womanga mabuku

Michael Faraday anabadwa ku England mu 1791. Atate ake anali osula zitsulo, ndipo banja lao linali losauka. Sanapite patali ndi sukulu. Ali ndi zaka 14 anayamba kuphunzira nchito yomanga mabuku mu London, ndipo mabuku amene anali kumangawo anali kuwawerenganso. Ndimo mmene anayambira kukonda sayansi. Anali munthu wopemphera moyo wake wonse, ndipo anakhalapo mkulu wa mpingo waung'ono wa Sandemanian.

Mu 1831 Faraday anapeza cinthu cimene magetsi onse a ku Kariba ndi ku Kafue aimapo. Anaona kuti ukayendetsa maginito pafupi ndi waya wopotedwa mozungulira, mu wayamo mumayenda magetsi. Maginito akaima, magetsinso amaleka. Amene munaonapo dainamo ya njinga mwaona kale zimenezi. Kamutu ka dainamo kamakhudza tayala. Tayala likamazungulira, maginito a m'kati mwa dainamo amazungulira pakati pa waya wa mkuwa, ndipo nyali imayaka. Wopalasa akaima, nyali imazima. Jenereta ya ku Kariba ndi dainamo yomweyo, koma yaikulu ngati nyumba. M'malo mwa miyendo ya munthu, amene amapalasa ndi madzi.

Mmene madzi amapalasira

Madzi saiwala khwawa, anatero akale. Nthawi zonse amafunafuna kotsika, ndipo akamatsika amakankha ciliconse cimene apeza panjira. Nchito ya khoma la damu ndi kuwaimitsa kuti aunjikane ndi kukwera. Cakumtunda kwa khoma madzi amakhala pamwamba, cakumunsi mtsinje uli pansi. Kusiyana kwa misinkhu iwiriyi ndiko cuma ca damu.

Pansi pa madzi a m'nyanja pali makomo okhala ndi zitsulo zosefa mitengo ndi zinyalala. Madzi akalowa pamenepo amatsika m'mipope ikuluikulu kupita ku nyumba ya makina, imene ku Kariba ndi ku Kafue Gorge inakumbidwa m'thanthwe pansi pa nthaka. Kumeneko amawomba mapiko a gudumu lacitsulo lochedwa turbine, ndipo gudumulo limazungulira. Mtanda wacitsulo woimirira umalumikiza turbine ndi jenereta imene ili pamwamba pake. Motero turbine ikazungulira, maginito a m'jenereta amazunguliranso pakati pa mawaya a mkuwa, ndipo magetsi amabadwa. Madzi aja akatha nchito yao amatuluka ndi kubwerera mumtsinje. Sapsa, sacepa, ndipo m'kati mwao simucotsedwa kanthu. Atangotsika basi. Madzi omwewo a ku Kariba akafika ku Tete m'dziko la Mozambique amazungulitsanso makina a ku damu la Cahora Bassa.

Kuculuka kwa magetsi kumadalira zinthu ziwiri: kuculuka kwa madzi amene akudutsa, ndi kutalika kwa pamene akugwera. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Madramu 5 a malita 200 ndiwo malita 1,000, ndipo madzi amenewo amalemera tani imodzi. Tani imodzi ikamagwa pa sekondi iliyonse kucokera pa msinkhu wa mamita 100, imapereka pafupifupi megawati imodzi, imene ingayatse mababu 10,000 a mawati 100 nthawi imodzi. Ku Kariba madzi amagwa mamita pafupifupi 90. Ku Kafue Gorge amagwa mamita pafupifupi 400. Ndiye kuti yuniti imodzi ya magetsi, yonga imene makolo anu amagula ndi kulowetsa mu mita, imafuna madramu oposa 20 ikapangidwira ku Kariba, koma madramu 5 okha ikapangidwira ku Kafue Gorge.

Dziwaninso ici: magetsi a m'mawaya a ZESCO sasungidwa. Amapangidwa pa nthawi yomwe akugwiritsidwa nchito. Madzulo azimai a mu Lusaka akayatsa masitovu kuti aphike nsima, makina amatsegulira madzi ambiri kuti jenereta isafooke. Nkhokwe ya magetsi athu ndi nyanja. Ndipo amene amadzaza nkhokweyo ndi mvula, pakuti dzuwa limakweza nthunzi kumwamba, mvula imagwa ku Mwinilunga, ku Angola ndi ku Western Province, madziwo n'kutsika ndi Zambezi. Munthu amangomanga khoma. Kukweza madzi pamwamba si nchito ya manja ake.

Migodi ndiyo inayambitsa

Magetsi a madzi sanabwere m'dziko muno cifukwa ca nyumba za anthu. Anabwera cifukwa ca migodi. Mu 1925 damu la Mulungushi linatsegulidwa kuti lipereke magetsi ku mgodi wa Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe. Mu 1938 makina ang'ono anayamba kugwira nchito pa mathithi a Victoria Falls ku Livingstone.

Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, migodi ya mkuwa ya ku Copperbelt inakula kwambiri. Magetsi ake anali kupangidwa ndi malasha ocokera ku Wankie, kumene lero ndi ku Hwange mu Zimbabwe, koma sitima sizinali kukwanitsa kubweretsa malasha okwanira. Nthawi zina migodi inali kutentha nkhuni. Panafunika damu lalikulu. Akuluakulu a boma la Northern Rhodesia anafuna kuti limangidwe pa Kafue, mtsinje umene uli wonse m'dziko muno. Koma mu 1953 Angelezi anaphatikiza Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'boma la Citaganya, likulu lake ku Salisbury, ndipo mu 1955 bomalo linasankha Kariba. Linaganizanso kuti nyumba yoyamba ya makina ikhale tsidya lakumwera. Zosankha ziwirizi zinadzavutitsa Zambia patsogolo pake.

Kumanga Kariba

Pulani ya khoma anailemba katswiri wa ku France, André Coyne, ndipo kampani ya ku Italy yochedwa Impresit ndiyo inamanga, pamodzi ndi anchito aciafrika zikwizikwi ocokera m'maiko ozungulira. Ndalama zinacokera ku World Bank, ku makampani a migodi ndi kwa ena obwereketsa. Khomali ndi lalitali mamita 128, ndipo ndi lopindika ngati uta, msana wake utaloza kunyanja. Analipinda dala kotero kuti madzi akamakankha, mphamvu yao imapita ku matanthwe a mbali zonse ziwiri.

Zambezi sanagonje msanga. Mu 1957 kunabwera cigumula cacikulu, ndipo mu 1958 kunabwera cina coposa coyamba, cimene cinamiza malo omangirapo ndi kukokolola mlatho. Atonga ambiri anati ameneyo ndi Nyaminyami, mzimu wa mtsinje umene makolo ao anali kuukhulupirira, amene wakwiya. Nchito inapitirira, ndipo mu Disembala 1958 khoma linatsekedwa, madzi nayamba kukwera. Pofika kumayambiriro kwa 1960 magetsi anali kufika ku Copperbelt, ndipo pa 17 Meyi 1960 amai a Mfumukazi ya ku England anatsegula damulo. Nyanja inatenga zaka mpaka 1963 kuti idzale. Imasunga madzi ambiri kuposa nyanja ina iliyonse yopangidwa ndi anthu pa dziko lapansi.

Anthu 86 anafa pa nchito yomanga. M'tauni ya Kariba, tsidya la Zimbabwe, anchito a ku Italy anamanga chalichi ca St Barbara cowakumbukira.

Amene analipira mtengo waukulu

M'cigwa ca Gwembe munali kukhala Atonga kwa mibadwo yambiri. Anali kulima kawiri pa caka: nthawi ya mvula, ndiponso m'dothi laconde limene mtsinje unali kusiya madzi akaphwa. Abale anali kuwolokerana pa mabwato, pakuti kwa iwo Zambezi sanali malire. Pamene nyanja inali kudza, anthu pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri anasamutsidwa. Midzi, minda, malo opembedzera ndi manda a makolo ao zonse zinamira.

Anthu a Mfumu Chipepo okwana pafupifupi 6,000 anauzidwa kuti apite ku Lusitu, kutali ndi kwao, pakati pa anthu a cilankhulo cina. Ambiri anakana. Mu Seputembala 1958 pa mudzi wa Chisamu amuna onyamula mikondo ndi zibonga anayang'anizana ndi apolisi a mfuti, ndipo Atonga 8 anaphedwa. Otsala anakwezedwa m'malole. Kumalo atsopano nthaka inali yosabereka bwino, madzi anali osowa, ndipo matenda anapha ambiri, makamaka ana. Akatswiri awiri a ku America, Elizabeth Colson ndi Thayer Scudder, anayamba kutsata moyo wa mabanja amenewa mu 1956 ndipo anapitiriza kwa zaka makumi ambiri. Zolemba zao ndizo zinathandiza dziko kudziwa zimene damu limacita kwa anthu osamutsidwa.

Pa nthawi yomweyo panali nchito yopulumutsa nyama zimene zinatsekeredwa pa zisumbu madzi akamakwera. Anaicha Operation Noah, potengera nkhani ya Nowa ndi cingalawa, ndipo nyama pafupifupi 6,000 zinapulumutsidwa. Inali nchito yabwino. Koma nyuzi za kunja zinalemba zambiri za nyamazo kuposa za anthu. Ndipo kwa zaka zambiri mawaya anali kudutsa pamwamba pa midzi ya Atonga kupita ku Lusaka ndi ku migodi, eni mtsinje ali mumdima.

Ufulu ndi Kafue Gorge

Zambia inalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964. Pa 11 Novembala 1965 boma la azungu la Ian Smith ku Rhodesia linapandukira Britain, ndipo maiko awiriwa anakhala pa udani. Apa ndi pamene cosankha ca 1955 cinaonekera kuopsa kwake. Migodi, imene inali msana wa cuma ca Zambia, inali kudalira makina okhala m'manja mwa mdani.

Boma la Pulezidenti Kenneth Kaunda linabwerera ku maganizo a Kafue. Mu 1967 nchito inayamba ku Kafue Gorge, ndipo inagwiridwa ndi kampani ya Energoprojekt ya ku Yugoslavia, dziko limene linali bwenzi la Zambia. Kuno luso linali losiyana ndi la ku Kariba. Khoma si lalitali kwambiri, koma madzi amapatutsidwa kulowa m'ngalande yokumbidwa m'phiri, yotalika makilomita pafupifupi 10, kenaka amagwetsedwa pansi mamita 400 aja. Makina oyamba anazungulira mu 1971, ndipo zaka za m'ma 1970 zisanathe malowa anali kupanga mamegawati 900. Pambuyo pake anakonzedwa kufika pa 990.

Kafue amasefukira nthawi ya mvula ndi kucepa m'cilimwe. Cifukwa cace anamanganso damu la Itezhi-Tezhi cakumtunda, limene linatha mu 1977, kuti lizisunga madzi ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono caka conse. ZESCO inakhazikitsidwa mu 1970. Mu 1976 ndi 1977 makina a ku Kariba North Bank, tsidya lathu lino, anayamba nchito ndi mamegawati 600, ndipo ataonjezeredwa mu 2013 ndi 2014 anafika pa 1,080. Kuyambira mu 1987 bungwe la Zambezi River Authority, la maiko onse awiri, ndilo limasamala khoma ndi kugawa madzi pakati pa Zambia ndi Zimbabwe. Catsopano pa zonse ndi Kafue Gorge Lower, ya mamegawati 750, imene inamangidwa ndi kampani ya Sinohydro ya ku China ndi kumalizidwa mu 2023. Imagwiritsanso nchito madzi omwe atuluka m'makina a kumtunda.

Ulendo wofika pakhomo panu

Magetsi akamayenda mtunda wautali, ena amatayika cifukwa waya amatentha. Kuti kutayikako kucepe, thiransifoma imakweza mphamvu yake yokankha kufika pa mavolti 330,000 asanayambe ulendo. Ndiwo amene amayenda pa nsanja zazitali zacitsulo zija. Mawaya ocokera ku Kariba ndi ku Kafue Gorge amakumana pa siteshoni yaikulu ya Leopards Hill, kumwera cakum'mawa kwa Lusaka, ku mbali imene umapita msewu wa Leopards Hill wocokera kufupi ndi Kabulonga ndi Woodlands. Ena amapitirira ku Kabwe ndi ku Kitwe. Otsalira mu Lusaka amatsitsidwa pang'onopang'ono m'masiteshoni ang'onoang'ono mpaka pa mavolti 11,000, ndipo thiransifoma ya m'mbali mwa msewu wanu imawatsitsa komaliza kufika pa mavolti pafupifupi 230 a m'nyumba. Ngakhale amenewa amapha. Kuba mawaya, kukhetsa mafuta a m'thiransifoma ndi kulumikiza magetsi mwakuba kwatayitsa miyoyo ya acinyamata, ndipo kumasiya komboni yonse mumdima.

Nkhokwe ikacepa

Tsopano tingamvetse za 2024. Munthu akaimirira ku Siavonga m'caka ca cilala amaonabe nyanja yaikulu, ndipo angafunse kuti madzi acepa pati. Yankho ndi lakuti makina amagwiritsa nchito madzi a pamwamba okha. Nyanja ikadzala, madzi amakhala pa msinkhu wa mamita 488.5 poyerekeza ndi nyanja yamcere. Akatsika kufika pa mamita 475.5 makina ayenera kuima, kuopa kuti mipope ingakoke mpweya ndi kuononga turbine. Pakati pa misinkhu iwiriyi pali mamita 13 okha. Amenewo ndiwo nkhokwe yathu.

Cilala cinavutitsa dziko lino mu 1992, mu 2015 ndi 2016, ndiponso mu 2019. Ca 2024 cinali cacikulu kotero kuti pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse. Miyezi yotsatira inafika nthawi imene pa makina 6 a ku Kariba North Bank, amodzi okha ndiwo anali kuzungulira. Popeza magetsi oposa magawo 80 pa 100 alionse anali kucokera ku madzi, mdima unafika paliponse.

Pali cinanso comvetsa cisoni. Magetsi akazima, mabanja amathamangira makala. Makala akagulidwa kwambiri, mitengo imagwa yambiri. Mitengo ikatha kumene mitsinje imayambira, madzi a mvula amathamanga osalowa m'nthaka, amakokolola dothi, ndipo timitsinje timauma msanga. Motero mdima wa lero ungabale mdima wa mawa. Ndi cifukwa cace dziko likufunafuna njira zina zoonjezera pa madzi. Mu 2019 malo awiri opanga magetsi a dzuwa, Bangweulu ndi Ngonye, anatsegulidwa kumwera kwa Lusaka. Dzuwa likamagwira nchito masana, madzi amasungika kuti adzathandize usiku.

Tiphunzirapo ciani?

Coyamba ndi kuthokoza. Nyali iliyonse ya magetsi a madzi ndi mvula imene inagwa kwina kwake miyezi yapitayo. Akatswiri anamanga khoma la mamita 128, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene angagwetse dontho limodzi la mvula. Tikamapempherera mvula m'chalichi, sitipempherera alimi okha. Tikupemphereranso zipatala, masukulu ndi nchito za makolo athu m'tauni.

Caciwiri ndi kukumbukira. Kuwala kwa mu Lusaka kunalipiridwa ndi anchito 86 aja ndi mabanja a Atonga amene anasiya manda a makolo ao pansi pa nyanja. Mkristu safunsa cabe kuti citukuko cabweretsa ciani. Amafunsanso kuti wataya ndani, ndipo kodi walipidwa mwacilungamo. Madamu ena adzamangidwa m'masiku anu, ndipo ena mwa inu mudzakhala pa mipando yoweruza nkhani zimenezo.

Cacitatu ndi kusamala. Buku la Genesis limatiphunzitsa kuti munthu anaikidwa m'munda monga wosamalira, osati mwini. Kuzima nyali yosafunika, kuzima giza madzi akatentha ndi kubzala mitengo pa chalichi kapena kumudzi kungaoneke kocepa. Koma mwaona kale masamu ake: yuniti imodzi yosungidwa ndi madramu 20 otsala m'nyanja ya Kariba. Mutu umodzi susenza denga, koma mabanja a mu Lusaka ndi zikwi mazanamazana.

Cacinai ndi kulimbikira maphunziro. Faraday anayamba ndi mabuku a eni ake amene anapatsidwa kuti amange. Dziko lino likufuna anyamata ndi atsikana odziwa masamu ndi sayansi, amene adzasamale Kariba pamene ikukalamba ndi kupeza njira zatsopano zounikira midzi imene ikali mumdima.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Fotokozani m'mau anuanu ulendo wa madzi kucokera m'nyanja kufika pamene nyali ikuyaka.
2. Ndi cifukwa ninji dramu limodzi la madzi limapereka magetsi ambiri ku Kafue Gorge kuposa ku Kariba?
3. Mukanakhala a m'banja la ku Chisamu mu 1958, mukanapempha ciani kwa boma? Nanga mpingo ukanacitapo ciani?
4. Gulu lanu lingacite ciani mwezi uno kuti licepetse kuononga magetsi ndi makala pa chalichi ndi kunyumba?